Tsiku Limene Ndinagwetsa Mwana wa Bwana

Ndikukumbukira fungo la Limbe m'miyezi yogulitsa fodya. Linkalowa paliponse, m'mabulangete, m'makope a kusukulu, ngakhale m'buledi amene tinkagula pasitolo ya mmwenye. Abambo anali okonza makina pakampani ina ya fodya, ndipo akamabwera madzulo tinkayamba kuwamva ndi mphuno asanafike pakhomo. Zinali zaka za Chitaganya. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 5 pasukulu ya mishoni, kamnyamata kowonda kamene kankadziwika ndi chinthu chimodzi chokha, kusalira kakagwa.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi atsopano ochokera ku Joni. Anali munthu wakuda ngati ife, koma wamtali ndi wotambalala pachifuwa moti polowa m'kalasi ankachita kupendekeka. Makutu awo anali opindikapindika ngati bowa wouma, mphuno yokhota, ndipo ankatsimphina mwendo wakumanzere. Dzina lawo linali ndi kamawu kolira palilime ngati munthu akutsonya. Tinayesa kulitchula sabata yathunthu, ena mpaka malovu kuuluka, koma zinakanika. Ahedi nawo atalephera pamaso pa sukulu yonse, tinamva kuti kwawo ankawatchula kuti Kaputeni, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala a Kaputeni.

Lachitatu lina titaweruka anatiitana anyamata akuluakulu kubwalo, natulutsa mpira m'thumba. Unali wachikopa, wakale, wooneka ngati dzira. Mnzanga Dayisoni, amene ankathamanga kuposa aliyense pasukulupo, ananong'ona kuti umenewu ndi mpira wamiyendo umene aphunzitsiwo anaukhalira m'sitima. Anathamanga kukaumenya kuti atisonyeze, koma mpirawo unadumpha mokhota, n'kubwerera kudzam'menya pakamwa. A Kaputeni anaseka mpaka kugwira bondo lawo lopweteka lija. Anatiuza kuti masewerawo dzina lake ndi ragibi.

Ragibi tinkaidziwa patali. Loweruka masana azungu ankaisewera kukalabu yawo, ife n'kumasuzumira m'mipata ya mpanda. Tinkaona ngati ndewu, ndipo tinkadabwa kuti apolisi sakubwera bwanji. Tsopano tinayamba kuiphunzira tokha, osavala nsapato, pabwalo lathu la fumbi lofiira m'mbali mwa njanji. Lamulo limene linatizunguza mitu linali loti mpira suponyedwa kutsogolo. Ukufuna kupita uko, koma mnzako womupatsira akhale kumbuyo kwako. A Kaputeni ankafotokoza m'Chinyanja chawo chopindika, chosakaniza ndi chilankhulo cha kwawo, ndipo mawu akawathera ankangonyamula mnyamata ngati thumba la makala n'kukamuika pamene akufuna kuti aime.

Chimene ankachikonda kwambiri chinali kuphunzitsa kugwetsa munthu. Ankati usayang'ane nkhope yake, usayang'ane kukula kwake, yang'ana m'chiuno, tsika, phewa lako likhale pantchafu, manja akulunge miyendo. Ine ndinazigwira msanga chifukwa pansi sindinkapaopa. Patapita miyezi itatu anandisankha kukhala kaputeni wa timu. Anyamata ena anang'ung'udza, poti ndinali wamng'ono thupi ndipo liwiro ndinalibe. Iwo anangoyankha kuti akhala akuona amene amayamba kudzuka anthu akagwerana mulu, ndi amene amatsalira kudzutsa anzake.

Zinthu zinasintha tsiku lina pamene mzungu wachinyamata, wodutsa panjinga, anaima kumationerera. Anali mphunzitsi pasukulu ya ana a azungu ku Blantyre. Anaona a Kaputeni akumenya mpira ndi mwendo wabwino uja, mpirawo ukuzungulira m'mwamba ngati chipolopolo n'kukagwera m'manja mwa Dayisoni kumapeto kwa bwalo. Anatsika panjinga, nalankhula nawo nthawi yaitali. Mawa lake tinamva kuti tidzasewera ndi anyamata ake. Bwalo la kusukulu kwawo anatikaniza, la kukalabu ndiye sankafuna n'kumva komwe, choncho anagwirizana kuti iwowo ndiwo abwere kwathu.

Masiku amenewo munthu wakuda ankagula shuga pawindo la kumbali, mzungu akulowa pakhomo. Tsono nkhani yoti ana a m'makomboni akagwirana ndi ana a azungu, kugwetsana pansi dzuwa likuswa mtengo, inafala kuchokera ku Limbe mpaka ku Ndirande. Ena ankati n'zabodza. Ena ankati boma liletsa.

Kunyumba nkhaniyo inafika moipa. Abambo anamva kuntchito kuti mnyamata wamphamvu kwambiri m'timu ya azunguyo anali Kolini, mwana wa bwana wawo weniweni, yemwe ankayang'anira makina onse pakampanipo. Abambo anabwera kuno ali mwana, atawoloka malire kuseri kwa Mulanje pamsana pa amayi awo pothawa chibalo cha Apwitikizi. Moyo unawaphunzitsa kuti mzungu umamulambalala. Ntchito imeneyo ndi imene inatipatsa nyumba ya njerwa ndi sukulu, ndipo tinalipo ana asanu ndi mmodzi. Anandiitana pakhonde, nandiuza mosakweza mawu kuti ngati ndikufuna kusewera ndisewere, koma mwana wa bwana ndisamukhudze.

Ndinakawauza a Kaputeni kuti asankhe kaputeni wina. Sanandifunse zambiri. Lamulungu masana, titachoka ku Misa, tinangowaona akubwera ndi njira ya kwathu, atavala jekete, akutsimphina pakati pa nkhuku. Amayi anasokonezeka, natulutsa makapu aja osungira alendo. Ine a Kaputeni anandiuza kuti ndikhale pomwepo, poti nkhaniyo inali yanga.

Sanabwere kudzakangana ndi abambo. Anangofotokoza za moyo wawo, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiimve mbiri yawo yonse. Anabadwira m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, bambo awo ali wonyamula katundu padoko. Anayamba ragibi ndi chitini chokulunga m'sanza. Atakula anasewerera sukulu, kenako chigawo chawo, mpaka anasankhidwa m'timu ya dziko lonse ya anthu akuda, ndipo anaitsogolera zaka zingapo. Ankayenda masiku awiri pasitima, m'mabogi a kumbuyo, n'kukagona pansi m'makalasi kapena m'tchalitchi, mawa lake n'kusewera pamaso pa chikhamu cha anthu chodzaza mpaka pamadenga a nyumba. Anatiuza za tsiku limene anathyoka mphuno masewero atangoyamba, naiwongola okha ndi zala, n'kupitiriza mpaka timu yawo inapambana.

Koma dziko lawo linali ndi timu inanso, ya azungu okhaokha, ndipo imeneyo ndi imene inkakwera sitima zapamadzi kukasewera kunja. Alendo akabwera, a Kaputeni ankaonerera ali m'kakhola ka waya kuseri kwa zigoli, kumene ankaikako anthu akuda. Ankadziwa mumtima kuti ena mwa anthu amene ali m'bwalomo akanawagwetsa mosavuta, koma panalibe njira yodziwira zoona zake. Bondo linathyoka asanagwirepo mzungu ngakhale mmodzi. Kenako boma linagwetsa nyumba za kudera limene ankakhala, ndipo akazi awo, omwe anali mwana wa munthu wa ku Chiradzulu wogwira ntchito kumigodi, anati tiyeni kwathu.

Atamaliza anamwa tiyi wawo, amene anali atazizira kale. Ndiye anati, "Bambo a Fabiano, ntchito ndi yanu, ana ndi anu, ine sindingakulamuleni. Ndangofuna mudziwe kuti mwana wanuyu apatsidwa Loweruka chinthu chimene ine ndinachidikira mpaka mwendo unatha."

Abambo anatembenuza zikhatho zawo n'kuziyang'ana. Pomaliza anawathokoza chifukwa chobwera, nawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Anangoti iwo kubwaloko sadzapita.

Sabata imeneyo tinagwira ntchito ngati akaidi. Tinatola miyala m'bwalo lonse, kuzula zitsa ndi minga, kudzika mitengo ya bulugama inayi kuti ikhale zigoli, ndi kulemba mizere ndi phulusa. Malaya a timu anasokedwa ndi telala wa pakhonde la sitolo kuchokera ku matumba a ufa, ndipo amayi athu anawanyika mu utoto wabuluu. Utotowo sunabise zonse. Pamsana pa Dayisoni pankawerengekabe kulemera kwa thumba, ndipo anyamata anamuseka kuti wanama, iye sangafike pamenepo.

Loweruka linafika ndi dzuwa lowala ndi kamphepo kochokera ku Soche. Pofika 3 koloko bwalo linali litazunguliridwa. Kunali amayi a ana kumsana, anthu a kufodya atavalabe maovolosi, matelala, ogulitsa nzimbe, amwenye angapo atakhala pamwamba pa lole yawo, ndi apolisi awiri atatsamira njinga. Azungu anabwera ochepa, naimika magalimoto awo mbali imodzi. Anyamata awo anatsika atavala malaya a mizeremizere ndi nsapato za zitsulo kunsi. Mphunzitsi wawo ataona mapazi athu anachita manyazi, nati anyamata ake avule nsapato. A Kaputeni anakana mwaulemu. Anatiuza pambali kuti sakufuna kudzamva mawa kuti alendo anagonja chifukwa cha minga.

Woyimbira anali wansembe wachifalansa wa kumishoni kwathu, amene anakwinya mkanjo wake m'lamba kuti athamange bwino. Ataliza wezulo, tinazindikira msanga kuti anyamatawo masewerawa anabadwa nawo. Potikankha ankatibweza ngati ngolo yopanda katundu, ndipo nsapato zija zinkatisenda zala. Komabe tinkagwira. Aliyense wobwera ndi mpira ankapezeka pansi, ndipo anthu, amene poyamba sankadziwa nthawi yokuwa, anayamba kukuwa mzungu aliyense akagwa.

Kenako mpira unafika kwa Kolini. Anali wamtali, watsitsi lofiira, ntchafu ngati za munthu wamkulu. Anadutsa anzanga awiri, ndipo pakati pa iye ndi mzere wogoletsera panatsala ine ndekha. Ndinatsika monga ndinaphunzirira. Koma m'maso mwanga munabwera nyumba yathu, azichemwali anga, ndi zikhatho za abambo. Ndinapatuka pang'ono, n'kungotambasula mkono ngati munthu woimitsa basi. Anadutsa, nakakhazika mpira pansi kuseri kwa mzere. Anthu ambiri anaganiza kuti wandiposa nzeru. Dayisoni yekha anandiyang'ana, nalavula pansi.

Pa nthawi yopuma tinakhala pansi tikutafuna nzimbe, mapazi akutuluka magazi. A Kaputeni analangiza uyu ndi uyo, kenako anagwada pafupi nane movutikira. Sanakalipe. Anati anaona zimene ndinachita ndipo akudziwa chifukwa chake, ndipo ngati ndifuna kutuluka palibe amene adzanditonze iwo ali moyo. Koma ngati ndibwerera m'bwalo, ndibwerere ndense, chifukwa anzanga khumi ndi anayi akuponda minga pokhulupirira kuti kumbuyo kwawo kuli munthu.

Ndinabwerera, koma mtima unali usanasankhe. Tinakankhana kwa kanthawi pakati pa bwalo, fumbi lili kobo, wansembe akutsokomola. Ndiye zinachitikanso chimodzimodzi. Mpira unatuluka mbali yawo, unadutsa m'manja awiri, n'kufika kwa Kolini, ndipo iye analunjika kwa ine dala, poti anali atadziwa kuti pamenepo m'pofewa.

Pamenepo ndinamva mawu amene ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Fabiano! Miyendo!"

Anali abambo. Anali ataima kutsogolo kwa anthu onse, atavala ovolosi yawo ya mafuta, chipewa chili m'manja, mapazi ochepa chabe kuchokera pagalimoto ya bwana wawo. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji.

Zotsatira zake ndimazimvabe m'phewa lakumanja kukazizira. Ndinatsika mpaka ndinaona zingwe za nsapato zake, ndinalowa ndi phewa, manja n'kukulunga. Kunamveka kuti thi, khutu langa linalira, m'kamwa munadzaza dothi, ndipo chinthu cholemera chinagwa ngati mtengo. Mpira unathawa m'manja mwake. Dayisoni anautola akuthamanga, ndipo panalibe mwana wa munthu, wa nsapato kapena wopanda, amene akanamupeza. Anthu anakuwa mpaka akhwangwala anauluka m'mitengo ya m'mbali mwa njanji.

Ine ndinali ndidakali pansi pamodzi ndi Kolini. Ndinadzuka, ndipo mwachizolowezi ndinamupatsa dzanja. Analiyang'ana kaye, kenako analigwira. Linali dzanja loyamba la mzungu kuligwira m'moyo wanga, ndipo ndinadabwa kuti linali la thukuta ngati langa. Mlomo wake unali utang'ambika. Anandiuza m'Chinyanja cha kukhitchini, chimene anaphunzira kwa omulera, kuti ndamupweteka, koma akubweranso. Anabweradi kawiri, ndipo kawiri konseko anagona pansi.

Zigoli zinali zofanana mpaka dzuwa linapendeka. Pomenyera mpira pakati pa mitengo ya zigoli, matimu onse awiri tinali titaphonya. Wansembe atayamba kuyang'anayang'ana wotchi, tinapezeka tili pafupi ndi mzere wawo. Mpira unatuluka kumapazi a anzanga, ndinautola, ndipo ndinaona mpata. Ndinathamanga, mzere uli apo, ndikuona phulusa lake, koma anyamata awiri anali akunditsekera. Kumanzere kwanga, kumbuyo pang'ono, ndinamva wina akupuma ngati ng'ombe. Anali Maliko, mnyamata wonenepa kuposa tonse, amene chiyambire anali asanagoletsepo ngakhale pophunzira. Ndinadikira mpaka awiri aja atandigwira, n'kumuponyera. Maliko anaukumbatira mpirawo ngati mwana wakhanda, nayenda mapazi asanu, anyamata atatu atamukakamira pamsana, n'kugwa nawo onse kuseri kwa mzere.

Wezulo yomaliza sindinaimve. Bwalo linadzaza anthu, amayi akululutira, ana akugubuduka m'fumbi, ngakhale wapolisi mmodzi ndinamuona akuponya chipewa m'mwamba kenako n'kuyang'ana uku ndi uku. Amuna anayi anayesa kunyamula a Kaputeni, analephera, mpaka anawonjezekera ena awiri. Ali m'mwambamo anayamba kuimba nyimbo ya kwawo ndi mawu aakulu okhuthala, misozi ikutsika m'masaya, ndipo anthu ankavomera ngakhale panalibe wodziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi wachizungu uja anadikira mpaka atawatsitsa, nawagwira chanza ndi manja awiri anthu onse akuona.

Abambo sanandikumbatire, sanali munthu wotero. Tinayenda limodzi kupita kunyumba, iwo patsogolo ine pambuyo, ndikutsimphina. Titafika pampopi anandiuza kuti ndikhale pamwala, nayamba kunditsuka mapazi okha, akuchotsa timiyala m'mabala ndi chikhadabo. Anangofunsa ngati mnyamatayo anali wolemera. Ndinati kwambiri. Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti akubisa kumwetulira.

Lolemba bwana sanawalankhule. Lachiwiri anawachotsa kumakina n'kuwatumiza kukanyamula mabelo a fodya pamodzi ndi anyamata aganyu. Abambo, munthu wa imvi, ankabwera madzulo msana utauma, amayi n'kumawathowa ndi madzi otentha. Ine chakudya chinkandikanika. Tsiku lina ndinayesa kupepesa, koma anandidula, nati iwowo ndi amene anakuwa, ine ndinangomvera bambo anga monga mwana aliyense. Zinatenga pafupifupi mwezi. Kenako makina aakulu opanikizira fodya anaima pakati pa nyengo, amisiri awiri analephera, ndipo bwana yemweyo anapita yekha kumabelo kukawaitana. Abambo ankakonda kufotokoza kuti anayamba apukuta m'manja bwinobwino, osafulumira, asanamutsatire.

Masewero achibwereza sanachitike. Posapita nthawi dziko linatentha, misonkhano inaletsedwa, anthu anamangidwa, ndipo mphunzitsi wachinyamata uja anabwerera kwawo. A Kaputeni anaphunzitsabe zaka zambiri, mpaka Chitaganya chinatha, mbendera inasintha, iwo n'kupuma ntchito. Kwawo sanabwerereko. Anamwalira kuno, ndipo tinawaika ku Chiradzulu kwa akazi awo. Bokosi tinanyamula ndife, anyamata a malaya a matumba a ufa, ena tili kale ndi dazi. Maliko, amene pa nthawiyo anali woyendetsa basi, analira kuposa tonse.

Lero pamene panali bwalo lathu pali mashopu ndi malo otsukira magalimoto, ndipo maminibasi amaimba mahutala pamene Maliko anagwera. Adzukulu anga amaphunzira kalasi imodzi ndi ana a mitundu yonse, ndipo ndikawauza kuti kugwira dzanja la mzungu inali nkhani yokambidwa m'makomboni sabata yathunthu, amaona ngati agogo ayamba kuwonjezera. Sindiwadzudzula. N'zabwino kuti zimenezo zizimveka ngati bodza.

Zaka zingapo zapitazo anandikhazika pa TV kuti ndionere ragibi, poti amadziwa kuti ndimaikonda. Timu ya dziko la a Kaputeni inapambana, ndipo amene anapita kutsogolo kukalandira chikho, akutsogolera azungu ndi akuda pamodzi, anali mnyamata wakuda wolankhula chilankhulo chomwe chija cholira palilime. Ndinapempha kuti akweze mawu. Mdzukulu wanga wamkazi, ataona ndikupukuta m'maso, anandifunsa ngati munthuyo ndimamudziwa. Ndinamuuza kuti ayi, iyeyo sindimudziwa, koma ndinaphunzitsidwa ndi amene anayamba kugwira ntchito yakeyo kulibe womujambula. Kenako ndinamuuza kuti azimitse TV akhale pansi, ndimufotokozere bwinobwino.